Ndakatulo zanga zikungogona m'kope, nditani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Luchenza. Akuti wakhala akulemba ndakatulo kwa zaka zitatu, kope ladzaza, koma palibe amene anaziwerengapo. Tsiku lina analimba mtima n'kutumiza imodzi pagulu la WhatsApp la anzake a kusekondale. Wina anayankha kuti, "Ndiye mwasanduka mlakatuli?" Mtsikanayo anaifufuta ndakatuloyo pomwepo. Funso lake ndi lakuti manthawa amatha bwanji.

Achemwali, ndikuuzeni zoona, mantha satheratu. Ine mpaka lero ndikaima pagulu, pepala limanjenjemera m'manja. Chimene chinakupwetekani ndi kumene munapita nayo ndakatuloyo. Gulu lija ndi la nthabwala ndi zithunzi za maukwati, anthu amawerenga ali m'minibasi, chala chili kale pa uthenga wina. Mnzanu uja sanaweruze ndakatulo yanu, sanaiwerenge n'komwe.

Mayi anga anathyola tiyi zaka zambiri kuno ku Thyolo. Ndili mwana ndinkawaperekera chakudya kumunda, n'kumaonerera pasikelo. Asanayeze kulemera kwake, kapitawo amapisa dzanja m'dengu, n'kutapa masamba pang'ono kuti aone ngati athyola masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Akapeza okhwima amawaika padera. Mayi sankalira ayi. Ankadziwa kuti chakanidwa ndi tsamba, iwo mawa alawiriranso kumunda, ndipo dzanja lidziwa pogwira. Wowerenga amene mukufunika ndi wotere, woloza mzere n'kunena kuti apa pakhwima, apa mwathamanga, apa ndiye mwandigwira mtima.

Mupezeni munthu mmodzi yekha. Akhoza kukhala mphunzitsi wanu wakale wa Chichewa, kapena mayi wa kwaya amene amapeka nyimbo kutchalitchi. Musampatse kope lonse, mpatseni ndakatulo imodzi. Ndipo musafunse kuti "ili bwino?" chifukwa ife Amalawi ulemu unatikulira, adzangoti ili bwino kwambiri. Funsani kuti ndi mzere uti watsala m'mutu mwawo, nanga ndi pati pamene anasochera. Musanapite, iwerengeni mokweza muli nokha kuseri kwa nyumba. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo pali ntchito.

Alembi akuluakulu a dziko lino anadzera momwemo. Gulu la Writers Group limene linayamba ku Chancellor College mu 1970 linkakumana kuti wina awerenge zimene walemba, anzake n'kuzisenda pamaso pake. Ngakhale tchopa chathu, chimene UNESCO inachilemba mu 2014 m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu, palibe anachiphunzirira kuchipinda. Mukadzapita ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, mudzayang'ane ana amene amatsatira akuluakulu kumbuyo. Amaphonya ng'oma anthu akuona, koma satuluka m'bwalo.

Zonyoza zidzabwera ndithu, walira mvula walira matope. Zina mudzazitaya, zina zidzakuwawani chifukwa muli choonadi mkati mwake. Zoterozo muzizigoneka masiku awiri musanayankhe kapena kufufuta kanthu.

M'kalata mwanu munatchula ndakatulo ya agogo anu akuwotha moto nthawi ya chiperoni. Imeneyo ndikufuna ndiiwerenge. Nditumizireni momwe ilili, musaikonzenso, ndipo ndidzakuuzani mzere umene watsala m'mutu mwanga.