Foni yakakamira pa dzina la Samsung: kodi kufulasha kufafaniza zithunzi?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata ino. Galaxy A12 yawo inathera batire ili mkati mwa update, ndipo kuyambira tsiku limenelo ikayatsidwa imangoonetsa dzina la Samsung, n'kuzima, n'kuyakanso, osapitirira pamenepo. Wokonza mafoni wawauza kuti ikufunika kufulasha. Chomwe chikuwasowetsa tulo ndi zithunzi za mwana wawo kuyambira ali wakhanda, zomwe sanazisunge kwina. Akufunsa kuti kufulashako n'kutani, nanga zithunzizo zipulumuka?

Mayi, pepani kwambiri. Wokonzayo sanakunamizeni, matenda a foni yanu ndi amene kufulasha kumachiza. Koma musaipereke kaye.

Mkati mwa foni muli firmware, mapulogalamu apansi penipeni amene fakitale inaikamo: kachigawo koyatsa foni, Android mwiniwake, ndi kachigawo kolankhula ndi netiweki. Update ikamachitika, foni imakhala ikuchotsa zakale n'kulemba zatsopano. Yanu inazima ntchito ili pakati, ndiye yatsala ndi theka lakale, theka latsopano, ndipo ziwirizi sizikumvana. Kufulasha ndi kulembanso zonsezo mwatsopano kudzera pa kompyuta. Zithunzi zanu zimakhala m'chigawo china, ndipo mwina zikadalimo bwinobwino. Chimene chingaziphe tsopano si vutolo ayi, ndi dzanja la wokonza wopupuluma.

Yambani ndi zosaopsa. Ngati muli memori khadi, itulutseni. Kenako lowani mu Google Photos pa foni ina ndi akaunti yanu ya Gmail, chifukwa anthu ambiri amapeza kuti zithunzi zinkadzisunga zokha iwo osadziwa. Mukatero, chajani foniyo kwa ola lathunthu, ilumikizeni ku kompyuta ndi kebulo, ndipo ili chizimire gwirani batani lokwezera mawu pamodzi ndi loyatsira mpaka itsegule recovery, mndandanda wa zosankha zokonzera foni umene umatseguka ngakhale Android ikukanika kuyaka. Pamenepo sankhani Wipe cache partition. Iyi siikhudza zithunzi. Pafupi pomwepo pali Wipe data/factory reset, ndipo imeneyo musaiyandikire n'komwe. Mafoni a masiku ano amasunga zinthu mozikhoma ndi kiyi wachinsinsi, ndipo reset imataya kiyiyo. Ikatayika, palibe katswiri amene angabweze chithunzi ngakhale chimodzi.

Zikakanika, ndiye kufulasha. Ku Samsung amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Odin, foni ili mu download mode, kutanthauza kuti yayatsidwa mwapadera kuti ilandire firmware kuchokera ku kompyuta. Firmware yake imabwera ndi mafayilo asanu: BL, AP, CP, CSC ndi HOME_CSC. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu yonse. Awiri omalizawo amalowa malo amodzi, ndipo wokonza amasankhapo imodzi. CSC imasesa foni yonse kukhala ngati yangotuluka m'bokosi. HOME_CSC imalemba firmware koma kusiya katundu wanu mmene alili. Okonza ambiri amathamangira CSC chifukwa siivutavuta ndipo kasitomala amanyamuka msanga, ndipo zimandipweteka kuona zithunzi za zaka zikutayika pofuna kupulumutsa mphindi 20. Sindingakulonjezeni kuti HOME_CSC idzutsa foniyo, nthawi zina chigawo cha data, momwe muli zithunzizo, nacho chimakhala chitaonongeka. Koma kuyesa sikuononga kanthu, pomwe CSC ilibe pobwerera.

Chachiwiri, dzina lakuti A12 lisakupusitseni. Pali SM-A125F ya purosesa ya MediaTek, palinso SM-A127F ya Exynos 850. Kunja zimaoneka ngati mapasa, mkati ndi mafoni osiyana, ndipo firmware ya ina siilowa mwa inzake. Nambala yeniyeni imaoneka pa bokosi komanso pa skirini ya download mode. Samsung salolanso kubwerera ku bootloader yakale (kachigawo koyatsa foni kaja), choncho firmware ikhale yofanana ndi imene update inkaika kapena yatsopano kuposa pamenepo. Batire ikhale itapitirira theka, kebulo yabwino yosagwedera, ndipo pasapezeke woizula mpaka Odin italemba PASS. Foniyo ikamayaka koyamba imachedwa, mwina mphindi 10, musaizimitse.

Kumbukiraninso pasiwedi ya Gmail yanu musanayambe chilichonse. Kuyambira pa Android 5.1, foni ikasesedwa imafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale, loko wotchedwa FRP, ndipo kufulasha sikuuchotsa.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi Tecno, Itel kapena Infinix ya MediaTek, pulogalamu yanu yofulashira ndi SP Flash Tool, ndipo msampha wake ndi Format All + Download. Imeneyi imatha kufafaniza IMEI, nambala imene netiweki imazindikirira foni, foni n'kuyaka bwinobwino koma osagwiranso netiweki. Sankhani Download Only, ndipo foni ikadali yamoyo imbani *#06# mulembe nambala za IMEI penapake.

Ndikuuzeninso malire ake, chifukwa ena amayesa kufulasha ndi mankhwala a nthenda iliyonse. Batire yotupa, polowetsa chaja pothyoka, foni yomwe inagwera m'madzi, zonsezi firmware ilibe nazo gawo. Ngati Odin ikukanika pamalo omwewo mobwerezabwereza ngakhale mutasintha kebulo ndi kompyuta, kawirikawiri ndi tchipi cha memori chimene chatopa, ndipo kupitiriza kuchikakamiza kumangochifooketsa. Koma yanu, Mayi, inafa pa update, choncho ndili ndi chikhulupiriro ndithu kuti ndi ya mapulogalamu chabe.

Mukapita kwa wokonzayo, muuzeni poyera kuti m'fonimo muli zithunzi zomwe kulibe kwina, ayambe ndi HOME_CSC, ndipo asasese kanthu musanavomere inuyo. Ngati n'kotheka khalani pomwepo muone fayilo imene akuika. Akaoneka kuti sakudziwa kusiyana kwa mafayilo awiriwo, tengani foni yanu mukafune wina. Ikangoyaka, musanatsegule ngakhale WhatsApp, kopani zithunzizo muziike pa kompyuta, ndipo mundilemberenso mmene zayendera.