Kodi pa chipata cha linga ankathiradi adani mafuta owira?

Mwafunsa ngati n'zoona kuti asilikali a m'malinga akale a ku Ulaya ankathira adani mafuta owira kudzera m'mabowo a padenga la chipata. Zinkachitika mwa apo ndi apo, koma mafuta anali odula, choncho kawirikawiri ankaponya miyala, madzi otentha kapena mchenga wotentha, womwe unkalowa m'zovala zachitsulo. Mabowo omwewo ankathandizanso kuthira madzi adani akayatsa moto pa zitseko zamatabwa.

Chipata ndiye malo ofooka pa linga lililonse, n'chifukwa chake amisiri ankachimanga mwaluso kwambiri. Chitsanzo chabwino ndi King's Gate ya ku Caernarfon, ku Wales, linga limene Mfumu Edward I inayamba kumanga mu 1283. Malinga ndi mmene anachikonzera, munthu wolowa akanawoloka milatho iwiri yokwezeka, n'kudutsa zitseko zisanu ndi ma portcullis asanu ndi limodzi, ngakhale kuti ntchitoyo sinamalizidwe. Portcullis ndi chitseko cholemera cha mipiringidzo yopingasa, chosongoka kunsi kwake, chimene chimatsetsereka m'mizere yogoba m'khoma ndipo chimakwezedwa ndi zingwe kapena maunyolo kuchokera m'chipinda cha pamwamba. Adani akalowa m'kanjira kopapatiza, alonda ankatha kutsitsa chakutsogolo ndi chakumbuyo, n'kuwalasa mivi kudzera m'timipata ta m'makoma. Kwa ine, nzeru imeneyi ndi yoopsa kuposa nkhani ya mafutayo, chifukwa wotsekeredwa mmenemo analibe pothawira.