Ampulifaya yakale yopanda dzina: ndiizindikira bwanji, ndiikonza bwanji?

FUNSO: Pokonza m'chipinda cha malemu amalume anga, omwe ankaimba gitala m'bandi m'zaka za m'ma 1970, ndapezamo ampulifaya ya mavalavu, timachubu tagalasi tooneka ngati mababu. Kachitsulo kolembedwa dzina kanachoka kalekale, koma m'kati muli sipika imodzi, mavalavu asanu ndi mathiransifoma awiri. Ndingadziwe bwanji amene anaipanga, nanga ndingathe kungoilumikiza kumagetsi kuti ndimve ngati ikulira? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Tiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene lingakupwetekeni. Musailumikize kumagetsi. Magetsi athu kuno ndi a 230V, pamene ampulifaya yopangidwira ku America imafuna pakati pa 110V ndi 120V, ndipo ya ku Japan imafuna 100V, choncho mukailumikiza musanadziwe kwawo, thiransifoma ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Ngakhale itakhala yogwirizana ndi magetsi athu, makapasita (zipangizo zosunga mphamvu ya magetsi) aakulu amene akhala zaka zambiri osagwira ntchito amakhala atauma, ndipo amatha kuphulika. Dziwaninso kuti makapasita amenewa amasunga mphamvu yoposa 300V ngakhale pulagi itazulidwa, kotero musapisemo dzanja mpaka mmisiri atachotsa mphamvuyo ndi kutsimikiza ndi mita yoyezera magetsi.

Dzina la ampulifaya yotereyi limapezeka pa zipangizo za m'kati mwake. Yambani ndi manambala olembedwa pa mavalavu. Aang'ono aja kawirikawiri amakhala 12AX7, amene ku Ulaya amalembedwa ECC83, ndipo sanena zambiri chifukwa pafupifupi aliyense ankawagwiritsa ntchito. Amene amaulula kwawo ndi awiri amene amapereka mphamvu ku sipika. Makampani a ku America monga Fender ankakonda 6V6 ndi 6L6, pamene a ku Britain ankakonda EL84, monga mu Vox AC30, kapena EL34, monga mu ma Marshall ambiri. Lachisanu liyenera kukhala lowongola magetsi, monga 5Y3, GZ34 kapena EZ81. Umboni umenewu si wokwanira pawokha, pakuti amalume anu ayenera kuti anasinthapo mavalavu kangapo, komabe umakulozerani mbali yoyang'ana.

Umboni wodalirika kwambiri uli kumbuyo kwa timapoti, tija timazungulira mukamakweza kapena kutsitsa mawu, komanso m'mphepete mwa sipika ndi pamwamba pa mathiransifoma. Opanga zipangizo a ku America ankadindapo nambala imene manambala ake atatu oyamba amaimira kampani: 137 ndi CTS, 304 ndi Stackpole, 220 ndi Jensen, 465 ndi Oxford, ndipo 606 ndi Schumacher. Otsatirawo amanena chaka ndi sabata, kotero 1376512 ikutanthauza poti ya CTS yopangidwa m'sabata ya 12 ya chaka cha 1965. Pamene chaka chalembedwa ndi nambala imodzi yokha, monga 220512, chikhoza kukhala 1955 kapena 1965, ndipo apa mpamene zipangizo zinazo zimathandiza kugamula. Ampulifaya singakhale yakale kuposa chipangizo chatsopano kwambiri mwa zimene inabwera nazo popangidwa.

Musakhumudwe ngati dzina lenileni silipezeka. Kampani ya Valco ya ku Chicago inkapanga ma ampulifaya ogulitsidwa m'maina osiyanasiyana monga Supro, National ndi Gretsch, ndipo ena ambiri anapangidwa ndi amisiri kunyumba kapena kusinthidwa kuchokera ku zokuzira mawu za m'maholo. Mmisiri wodziwa ntchito akhoza kulondola mawaya n'kujambula yekha mmene alumikizidwira, ndipo pokonza chimenecho n'chofunika kuposa dzina.

Pa kukonzako, maganizo athu ndi akuti musinthe zokhazo zimene zili zoopsa kapena zakufa. Makapasita aakulu aja asinthidwe onse popanda kukambirana. Aang'ono olumikiza valavu lina ndi linzake ayezedwe, chifukwa akayamba kudutsitsa magetsi osafunika amachititsa mavalavu amphamvu kufiira m'kati ngati makala mpaka kufa. Chingwe chakale cha mawaya awiri chichotsedwe, paikidwe cha atatu kuti chitsulo chonse chilumikizidwe ku waya wa earth. Popeza zingwe za gitala zimalumikizana ndi chitsulocho, woimba ndiye amagwidwa ndi magetsi zinthu zikalakwika. Fyuzi ikhale ya mlingo woyenera, osati kawaya kopiringiza monga achitira ena. Koma mathiransifoma, sipika ndi mavalavu amene akadali amoyo asiyeni, pakuti kalilidwe kake kamachokera m'menemo, ndipo mmisiri amene akufuna kukhuthula zonse kuti aikemo zamakono musamulole.

Tsiku loiyatsa koyamba, sipika ikhale yolumikizidwa, chifukwa ampulifaya ya mavalavu ikamagwira ntchito popanda sipika, thiransifoma yopita ku sipikayo imatha kuwonongeka. Magetsi adutse kaye m'babu lakale la kawaya la 60W kapena 100W asanalowe mu ampulifaya. Babulo likawala pang'ono kenako n'kuzilala, zinthu zili bwino. Likawala kwambiri osasintha, zimitsani msanga, pali pena pamene magetsi akugundana m'katimo.