Za dokotala wa mapazi amene wadula chala cha bambo anu

Mayi a ku Lizulu, funso lanu ndaliona. Mwati bambo anu ali ndi shuga, chilonda cha kuphazi chimakana kupola, ndiye munapita nawo kwa mkulu wina wobwera ku Joni yemwe watsegula kakiliniki kake, akuti ndi podiatrist, dokotala wa mapazi, iye nkuwadula chala pompo ndipo pano phazi latupa. Mutamufunsa akuti malamulo anasintha, anthu a ntchito yawo masiku ano amaloledwa kupanga opaleshoni ndi kulemba mankhwala.

Milandu idikire kaye, bambowo apite kuchipatala cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza lero lomwe, phazi la munthu wa shuga silichedwa kuwola.

Zoti malamulo anasinthazo sikuti ndi bodza lokhalokha ayi, koma anasintha kuti? Ku UK mu 2013 analoladi ma podiatrist omwe apanga maphunziro owonjezera kuti azilemba okha mankhwala. Ku America state (chigawo) iliyonse ili ndi lamulo lake ndipo ma podiatrist akhala akukokana ndi madokotala a mafupa kuti malire a ntchito yawo athere paphazi kapena akwere mpaka pakakolo. Koma inu a ku Lizulu mukudziwa bwino kuposa ine, kungodumpha msewu muli ku Mozambique malamulo ndi ena, nanji a ku London.

Kuno chomwe chimagwira ntchito ndi Medical Practitioners and Dentists Act ya 1987, yomwe inakhazikitsa Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala. Ngakhale munthu akhale ndi digiri yeniyeni ya ku Johannesburg, asanagwire wodwala kuno ayenera kulembetsa ku Council, kiliniki yakenso ikhale ndi laisensi, ndipo amagwira ntchito yokhayo imene analembetsera basi. Malirewo sakula chifukwa mwini wake watero, kusintha lamulo pamafunika bilu idutse ku Nyumba ya Malamulo, pulezidenti asainire, ituluke mu Gazette, nyuzipepala yolengeza za boma.

Ndiye lembani kalata kwa Registrar wa Council ku Lilongwe, mutchule dzina la mkuluyo, malo, tsiku ndi zomwe anachita, mufunse ngati ali m'kaundula komanso kuti analembetsa ngati ndani. Mukapeza kuti dzina lake mulibe, umenewo ndi mlandu wa kupolisi. Ngati alimo koma anapyola malire Council ikhoza kumuimitsa kapena kumufufuta.

Koma Council sipereka chipukuta misozi, apa ambiri amasokoneza. Ndalama ndi kukhoti, wosumira ndi bambo anu eni ake, ndipo khoti lidzafuna umboni woti mkuluyo sanasamale monga katswiri amayenera komanso kuti kusasamalako ndi komwe kwaononga phazi osati shugayo, pamenepa mpomwe loya wake adzakakamire. Nchifukwa chake lipoti la dokotala wa boma ndi lofunika kwambiri, pemphani alembe momwe walipezera phazilo. Buku la kuchipatala, malisiti, timapepala ta mankhwala, zithunzi za pafoni, musataye. Zoti bambo anavomera okha kudulidwa zisakuopseni, kuvomera opaleshoni si kuvomera kuti akuvulaze mosasamala.

Milandu ya kuvulala ili ndi malire a zaka 3, musagone nayo. Ndalama ya loya ikavuta pitani ku Legal Aid Bureau, ndipo mkuluyo akabwera ndi kenakake kuti tingokambirana pachibale, bambo asasaine pepala lililonse loya asanaliwerenge.