Akuwerenga bwinobwino koma sakumva kanthu

Mphunzitsi wina wa pa CDSS ina yakumudzi wandilembera imelo. Akuti ana ake a Fomu 2 amawerenga ndime ya Chingerezi mokweza osaphonya liwu, koma akafika pa mafunso a comprehension amagwa pafupifupi onse. Akufunsa kuti atani. Aphunzitsi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa ana amenewo ndikuwadziwa. Ndinali mmodzi wa iwo, ndipo kenako ndinadzawaphunzitsa.

Ife tili ku sekondale tinali ndi kanjira kathu. Ndimeyo sitinkayamba taiwerenga ayi. Unkatenga liwu lalitali la m'funso, n'kumayendetsa chala m'ndimemo mpaka ulipeze, basi n'kukopera chiganizo chonsecho kuyambira pa chilembo chachikulu mpaka pa mpumiro. Mwina theka la mafunso unkakhoza. Aphunzitsi ankachonga, ife n'kumayenda monyang'wa. Buku linali limodzi pagulu, moti amene wakhala kutsidya kwa desiki ankaliwerenga chozondoka, wina akutsegula tsamba mnzake asanamalize. Tsiku lina kunabwera funso loti tifotokoze m'mawu athuathu chifukwa chimene munthu wa m'nkhaniyo anathawira kwawo. Kalasi yonse inangoti zii. Panalibe chokopera.

Nditayamba kuphunzitsa ndinakumana ndi mtsikana wina amene ankawerenga ngati muulutsi wa pa wailesi, mawu omveka, kupuma pamalo pake. Nkhani inali ya madzi osefukira. Atamaliza ndinamuuza kuti atseke buku andiuze m'Chichewa zimene zachitika. Anangoyang'ana pansi akupotokola kona ya kope. Kumbuyo kunali mnyamata wina amene pakamwa pake sipankatuluka Chingerezi chaka chonse, ndipo ndinkamuyesa wogona. Iyeyo ndiye anakweza dzanja n'kulongosola zonse, ngakhale zoti bambo wa m'nkhanimo anakana kusamuka chifukwa cha ng'ombe zake, chinthu chimene wolemba sanachinene poyera. Ndikanangodalira mafunso a m'buku, mtsikana uja akanamuposa.

Zimenezi sizochokera kumwamba. Ambiri a ife tinaphunzira m'chinenero chakwathu mpaka Sitandade 4, kufika Sitandade 5 zonse n'kutembenukira ku Chingerezi. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 makalasi ndi odzaza, ndipo mphunzitsi wa ana ochuluka chotero amapulumukira pa kubwerezetsa mawu onse pamodzi. Mwana amafika Fomu 1 lilime litaphunzira, mutu usanalowemo. Kenako MANEB imamudikira kutsogolo: ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, ngakhale Masamu utakhoza chotani.

Ndiye ine zimandinyansa ndikaona sukulu ikulimbikira lamulo loti wolankhula Chichewa akatchetche kapena akakumbe dzenje la zinyalala. Pabwalo, m'makalabu a mtsutso, pa asembule, chabwino, alankhule Chingerezi. Koma m'phunziro la comprehension lamulo limeneli ndi lopanda nzeru, ndipo sindibweza mawu. Mukamutseka mwana pakamwa pa chinenero chimene amaganizira, mudziwa bwanji ngati vuto lake ndi kusamva nkhani kapena kusowa mawu oyankhira? Awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo mnyamata uja ndi mtsikana uja sakanachira ndi mankhwala amodzi. Alipo anzathu amene amati ukalola Chichewa ana amachita ulesi. Ulesi weniweni ndi wa mphunzitsi amene amalemba nambala ya tsamba pa bolodi, n'kupita kukacheza ku staff room, n'kudzangotenga makope belu likalira.

Nkhani ya mabuku ndiye musandiyambitse. Ndinaphunzitsapo pa sukulu ina pamene makatoni a mabuku opatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino ankakhala mu ofesi ya ahedi, chitseko chokiya, poopa kuti ana ang'amba kapena aba. Titadzatsegula tinapeza chiswe chitayamba kale. Chonsecho nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times ya sabata yatha ikukulungidwira chipisi pamsika, pamene tsamba lake lakumbuyo la zamasewero lingagwire mtima wa mnyamata aliyense wa Fomu 2. Mwana amene amatsatira Bullets kapena Wanderers amalowa m'nkhani ya mpira akudziwa kale theka lake, ndipo mawu achilendo amawalota n'kukhoza. Kumva nkhani kumayambira pa zimene munthu akudziwa kale, osati mu dikishonale.

Nanga Lolemba mutani?

Musanatsegule buku, chezani nawo mphindi zochepa za mutu wa nkhaniyo, ndipo lembani pa bolodi mawu ovuta ochepa okha, amene popanda iwo nkhani singamveke. Awerenge chamumtima, osati mokweza, mafunso ataphimbidwa. Akamaliza ndime iliyonse atseke buku, awiriawiri auzane zimene amva, m'Chichewa kaye ngati pakufunika, kenako chiganizo chimodzi cha Chingerezi m'kope. Chimenecho ndicho chiyambi cha summary ndi note making zimene adzakumane nazo ku Fomu 4. Wina akayankha, mufunseni kuti waziona pa mzere uti. Pa mafunso anu pazikhala limodzi lomwe yankho lake silinalembedwe poyera, ndipo yankho lokopera liwu ndi liwu musamalichonge, ngakhale litakhala lolondola. Adandaula masabata oyamba, ena akakunenezani kwa makolo. Mapepala a mayeso akale a JCE asungeni kaye mpaka teremu yachitatu.