Mliri ukafika, amakumba manda ndani?

Mwana wanga wa kwa Malengachanzi amene uli pasukulu ku Zomba, uthenga wako wandipeza. Ukuti m'kalasi mwanu mwakhala mukuwerenga mabuku akale onena za miliri, ndipo akusowetsa tulo. Ukufunsa ngati n'zoona kuti imfa ikayandikira munthu amataya umunthu n'kuyamba kudziganizira yekha, komanso ngati kukhala wabwino kuli ndi phindu poti nthenda sisankha.

Usade nkhawa, mantha amenewo aliyense wamoyo ali nawo. Koma funso lako ladutsa pambali. Ukadandifunsa kuti, othawawo atathawa, adatsala n'kumakumba manda ndani?

Ena mwa mabukuwo ndidawagwirako ndili mphunzitsi. Boccaccio, polemba za mliri umene udagwa mumzinda wa Florence mu 1348, akuti mbale ankasiya mbale wake, makolo ankathawa ana awo. Inu ophunzira mumakumbukira achinyamata khumi aja amene adatuluka mumzinda n'kukakhala kwina kumakambirana nthano. Koma taonanso pamene wolembayo akudandaula kwambiri. Ndi pa maliro opanda olira, onyamulidwa ndi anthu aganyu, n'kukatayidwa m'dzenje lililonse limene layandikira. Thucydides, amene iye mwini adadwala n'kuchira pa mliri wa ku Athens cha m'ma 430 Yesu asadabadwe, akudandaula zomwezo, kuti mwambo wa maliro udasokonekera mpaka munthu ankaponya mtembo wa mbale wake pamoto umene anzake adasonkhera wawo. Komabe yemweyo akunena kuti amene adachira ndiwo ankamvera chisoni odwala koposa. Defoe, m'buku la mu 1722 lonena za mliri wa ku London wa mu 1665, ali ndi ngolo zoyenda usiku kutola mitembo, ndi dzenje lalikulu la ku Aldgate. Camus, mu 1947, adaika nkhani yake ku Oran m'dziko la Algeria, ndipo m'menemo muli dokotala ndi anthu wamba amene adadzipereka okha kunyamula odwala. Anthu awa adakhala nthawi zosiyana ndi mayiko osiyana, koma chimene chikuwaopsa onse n'chimodzi, kufa popanda wokutseka maso. Ndipo m'buku lililonse muli wina amene sadathawe.

Kwathu kuno wosathawayo sitinkayembekeza kuti achite kupezeka mwamwayi. Makolo adamuikiratu. Ndiwo adzukulu.

Iwe udabadwa mankhwala otalikitsa moyo atayamba kale kuperekedwa ulere, mu 2004, choncho zaka za m'ma 1990 sudaziwone. Kaliwondewonde, matenda a Edzi aja, adatimaliza kunyanja kuno. Ukamayenda pamsewu wa ku Dwangwa kapena wa ku Benga unkatsika panjinga kangapo usadafike, chifukwa cha masamba oyalidwa pamsewu. Akalipentala adasiya mipando n'kumakhoma mabokosi okhaokha. Minda ina idagona osapalira chifukwa makasu anali kumanda. Anthu ankanong'onezana, ena ankanyoza, sindikubisa. Koma mudzi umene udasiya mtembo m'nyumba chifukwa choopa, ine sindidaumve.

Mfumu ikangouzidwa, uthenga unkafika kwa adzukulu kusadache. Eni maliro sagwira khasu, sasambitsa, sanyamula. Ntchito yawo n'kulira. Adzukulu aakazi ankalowa m'nyumba ndi madzi ngati womwalirayo ndi mayi, aamuna ankadula bango, kuyeza mtembo, n'kunyamuka nalo kumanda. Dothi lakunyanja udziwe kuti ndi lachinyengo. Ukumba mpaka m'chiuno, mchenga n'kugumuka, uyambirenso. Nthawi ya dzinja madzi amatumphuka pansi, wina akukumba wina akukapa ndi chidebe. Ndikukumbukira m'dala wina wa mudzi woyandikana nafe, msodzi wa chilimila, manja ake ong'ambika ndi zingwe. Ankabwera molunjika kuchokera kudooko, osagona usiku wonse, n'kulowa m'dzenje osafunsa kuti wamwalirayo wafa ndi chiyani. Akatuluka ankatukwana eni maliro mwanthabwala, kuti nsima yachedwa, nkhuku yake ndi yowonda, mpaka wamasiye amene sadatsegule pakamwa chiyambire dzulo ankamwetulira. Alendo ankadabwa kuona kuseka pamaliro. Sankadziwa kuti nayonso ndi ntchito ya adzukulu, kumubweza munthu pang'onopang'ono kuti asapite ndi womwalirayo. Ndipo tsikulo mabwato a mudziwo sankalowa panyanja ngakhale usipa utagwa chotani.

Ku Nkhotakota kuno Asilamu ndi Akhristu takhala khomo ndi khomo kuyambira nthawi ya a Jumbe ndi amishoni a Anglican. Jeneza ikamatuluka, wa ku All Saints ankaima n'kuvula chipewa, ena ankaperekeza mpaka kumanda. Belu likalira kutchalitchi, mayi wachisilamu ankasenza nkhuni ndi kalichero ka ufa kupita kusiwa. Maliro n'kulirana, ndipo sitinkayamba tafunsa kuti mumapemphera kuti. Usiku amuna panja pamoto, amayi m'nyumba, nyimbo mpaka tambala woyamba. Munthu wosagona pasiwa popanda chifukwa ankadziwika, ndipo tsiku lake likafika adzukulu ankayamba amukhazika pansi asadagwire khasu.

Tsono kudabwera Covid mu 2020, boma n'kuika malire a anthu osonkhana pamaliro. Tisadapume, kolera adayamba mu Malichi 2022, ndipo m'dziko muno adatenga anthu opitirira 1,700, ife akunyanja tili m'gulu la ovutika kwambiri. Alangizi a zaumoyo adati mtembo wa kolera usasambitsidwe pakhomo, uthiridwe kolorini, uikidwe msanga, ndipo pamaliro pasaphikidwe. Pamenepo ndimve bwino, mwana wanga, adanena zoona. Kachirombo ka kolera kamayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo mtembo umakhala ukadali nako. Manja omwe asambitsa akakaomola nsima, mudzi wonse wapita. Makolo athunso sadali ogona, wodwala nthomba ankamumangira msasa kunja kwa mudzi. Koma msasawo unali ndi womudwazika, kawirikawiri munthu wa zipsera amene adadwalapo kale, ndipo phala linkafika tsiku ndi tsiku. Kumupatula kunalipo, kumutaya kunalibe. Mliri ukadzabweranso, udzamvere achipatala, ndipo udzawuze ena kuti amvere.

Chimene chikundiwawa ine n'chakuti mliri udatha, koma anthu adakonda kutalikirana kuja. Masiku ano uthenga wa maliro umafika pa WhatsApp, munthu n'kulemba zilembo zitatu zachingerezi, kutumiza kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, basi wapepesa. Ndalama sindikuinyoza, bokosi ndi lodula, galimoto yochotsa mtembo ku Lilongwe ndi yodula. Koma ndalama sikhala pamphasa pafupi ndi wamasiye usiku. Anyamata amene akadakhala adzukulu lero akufunsa kaye kuti mutipatsa zingati, ena amafika dzenje litatha, atavala bwino, n'kumajambula ndi foni anthu akulira. Oyendetsa kabaza amadutsa pamasamba osachepetsa n'komwe liwiro. Pasiwa pamagona nkhalamba zokhazokha, ife amene mawondo adatha, ndipo nyimbo zimazilala pakati pa usiku chifukwa palibe wolandira. Ngati maliro anthawi yamtendere tikuwachita chonchi, a nthawi ya mliri tidzawachita bwanji? Aganyu aja amene adamukhumudwitsa Boccaccio, ife tikuwalowetsa m'mudzi tokha, popanda nthenda yotikakamiza.

Sindikuti ndinu ana oipa. Pa kolera ndidaona atsikana a msinkhu wako akuyenda khomo ndi khomo ndi mabotolo a kolorini, ndi anyamata akunyamula odwala pamachira kuthamangira kuchipatala mvula ili pamsana. Mtima mulinawo. Chimene simudaphunzitsidwe ndi njira yake, ndipo munthu amene sadazolowere kukhala pafupi ndi imfa masiku abwino, tsiku loipa miyendo imamuthawitsa yokha asadaganize n'komwe. Othawa a m'mabuku akowo ambiri sadali ankhanza, adali anthu amene adadzidzimuka. Mwana woleredwa pasiwa amadziwa kulemera kwa bokosi, amadziwa kuti mtembo suluma, amadziwanso kuti tsiku lina adzanyamulidwa ndi ena. N'chifukwa chake za phindu la ubwino zimene wafunsazo ife sitinkazifunsa. M'dala wa chilimila uja naye adamwalira ngati wina aliyense, ndipo midzi itatu idalimbirana khasu pamanda ake.

Ukabwera patchuthi usangodzitsekera m'nyumba ndi mabuku. Ukamva kuti kwagwa zovuta, tenga chitenje ndi mpango, unyamule nkhuni, ukalowe m'nyumba ya siwa ukhale pansi ndi amayi. Sufunika kudziwa mawu onena, iwo akuuza pokhala ndi chochita. Ukafunsenso amayi amene amasambitsa kuti masiku ano amavala chiyani m'manja ndipo madzi amataya kuti, poti iwe wapita kusukulu ungawathandize pamenepo. Mlongo wako uja umuuze kuti khasu la malemu agogo ake aamuna lili kuseri kwa nkhokwe, mpini ndidaika watsopano, ndipo kumanda amapita kusadache.