Za manesi aku Bulgaria aja ku Libya

Achimwene mwafunsa ngati manesi aja anapatsiradi ana HIV mwadala, ayi ndithu sizoona. Zinachitikira pachipatala cha ana cha Al-Fateh ku Benghazi, ana oposa 400 anapezeka ndi kachilombo ndiye boma la Gaddafi mu 1999 linangogwira manesi asanu aku Bulgaria ndi dokotala wa ku Palestine nkuwazunza ndi magetsi mpaka kuvomera mlandu osapalamula. Luc Montagnier, yemwe anatulukira nawo HIV, anauza khoti kuti kachilomboko kanalimo kale manesiwo asanabwere, vuto linali uve, jakisoni mmodzi kubayira ana angapo. Koma anawagamulabe kuti aphedwe, 2004 komanso 2006. Anatuluka mu July 2007 atakhala zaka eyiti mndende, ndipo makolo a ana aja amandimvetsa chisoni kwambiri, ananamizidwa uku ana awo akudwala.